Za Zosemera za Amisiri a ku Japan

M'dziko la Japan, m'cigawo ca Nara, muli mudzi dzina lace Ikaruga, ndipo m'mudzimo muli kacisi wakale wa cipembedzo ca Buddha wochedwa Horyuji. Mbiri inena kuti kacisiyo anakhazikitsidwa m'caka ca 607, napsya ndi moto m'caka ca 670, namangidwanso m'zaka zotsatira. Nyumba zimene zinamangidwa nthawi imeneyo zikali ciimire kufikira lero, ndipo odziwa anena kuti pa dziko lonse lapansi palibe nyumba zina za mitengo zakale koposa izi. Pa bwalo la kacisiyo pali nsanja ya matsindwi asanu, lina pamwamba pa linzace, yotalika mamita 32 ndi kanthu. Mvula yaigwera zaka 1,300, zibvomezi zaigwedeza kosawerengeka, koma iyo siinagwe.

Ana a sukulu afika pamenepo caka ndi caka pamodzi ndi aphunzitsi ao, naona, nazizwa, nabwerera kwao. Koma mnyamata wina, dzina lace Ogawa Mitsuo, wobadwa m'caka ca 1947 ku cigawo ca Tochigi, ataona nsanjayo sanathe kuiiwala. Potsiriza sukulu m'caka ca 1966 anayenda ulendo wautali kubwerera ku Nara, nafunafuna mmisiri wamkulu wa kacisiyo, a Nishioka Tsunekazu, nawapempha kuti amlandire akhale wophunzira wao. Mkuluyo anamkana, namuuza kuti masiku amenewo kunalibe nchito yomanga akacisi. Mnyamatayo sanataye mtima. Anagwira nchito kwina zaka zitatu, kwa opanga mipando ndi kwa opanga timaguwa topembedzerapo m'nyumba, nayembekeza. M'caka ca 1969 anamuitana.

Atafika, mau oyamba anali akuti aonetse zida zace. A Nishioka anazitenga, naziyang'ana kanthawi kocepa, naziponya pambali monga zinthu zopanda pace. Pambuyo pace anamuuza kuti akasese m'nyumba yosungiramo zida, nampatsanso lamulo lakuti asawerenge buku kapena nyuzipepala, asaonere wailesi ya kanema, koma azingonola zida tsiku ndi tsiku. Munthu amene wangocoka pa sukulu, atazolowera kuti nzeru ikhala m'buku ndi pa bolodi, adzaona ngati kumeneku kunali kuzunza mwana wa eni ace. Ndipo nzoona kuti mkuluyo anali waukali. Anthu anamucha oni, ndiko kunena ciwanda. Koma lamulolo silingamveke bwino munthu asanadziwe cida cimene mnyamatayo anauzidwa kunola.

Cosemera cija akalipentala acicha chizulo, anthu a ku Japan acicha nomi. Pociona patali cifanana ndi ca ku Ulaya, koma kapangidwe kace nkosiyana kwambiri, pakuti nomi siisulidwa ndi citsulo cimodzi ai, koma ziwiri. Coyamba ndico hagane, citsulo couma cifukwa ca makala amene analowa m'kati mwace pocisungunula. Cimeneci cithwa kodabwitsa, ndipo sicibuntha msanga; koma cikakhala cokha cibenthuka ngati phale. Caciwiri ndico jigane, citsulo cofewa, cimene sicithyoka cinkana acimenye kolimba, koma sicingasunge kuthwa. Wosula atenga kacidutswa kopyapyala ka hagane, nakaika pa jigane, nawaza pakati pace ufa wothandiza kuti zigwirane, nazitentha m'moto, nazimenya ndi nyundo kufikira zitasanduka thupi limodzi. Citsulo coumaco cikhala kunsi, nicipindikira pang'ono m'mbali zonse ziwiri kuti ngondya za nomi zithwenso. Cofewaco cikhala pamwamba ndi ku khosi lolowa mu mpini.

Nchito yoopsya ya wosula ndiyo yotsiriza, pamene atentha nomi naibviika m'madzi kuti iume. Ambiri acita zimenezi mu mdima, pamoto wa makala, cifukwa maso ao ndiwo muyeso: kufiira kwa citsulo ndiko kuwauza kuti nthawi yakwana. Akafulumira, nomi ikhala yofewa. Akacedwa, citsulo ciwonongeka m'kati, ndipo nchito ya masiku itayika. Munthu akanola bwino nomi yotere aona ndi maso malire a zitsulo ziwirizo pa mbali yopendekera ku nsonga: kunsi kung'anima ngati kalilole, pamwamba kuli mbuu ngati nkhungu ya m'mawa.

Ukwati umenewu wa zitsulo ziwiri uli ndi phindu lace. Citsulo cofewa cilandira nkhonya ya nyundo, nicicinjiriza cinzace kuti cisasweke. Motero wosula akhoza kuumitsa nsonga koposa m'mene angaumitsire cosemera ca citsulo cimodzi. Ndiponso ponola, gawo lalikulu limene likhudza mwala ndilo lofewa, lodyeka msanga. Koma uli ndi mtengo wacenso. Nomi siikhululukira munthu wosasamala. Akaipotokola m'ciboo monga acitira mgwala pofukula mwala, kapena ikagunda msomali wobisika, nsonga ibenthuka pomwepo, ndipo mwini wace adzakhala pamwala madzulo onse kulipira mlandu wa kamphindi kamodzi.

Mbali yapansi ya nomi, imene iyang'ana mzere posema, iyenera kukhala yathyathyathya ndithu, cifukwa ndiyo itsogolera cida kuti cilowe molunjika. Koma mbali imeneyo ndiyo ya citsulo couma cokhacokha, ndipo kuisalaza yonse pamwala kukadatha masiku. Cifukwa cace wosula akumba pakati pace kadzenje kosaya, konga cikhato ca dzanja, nasiya timilomo topapatiza m'mphepete ndi ku nsonga. Timilomoto tokha nditi tikhudza mwala. Mbali imeneyi aicha ura, ndipo nomi zazikulu zina zikhala ndi timaenje tiwiri, titatu, kapena kuposa. Wina angafunse kuti nanga nsonga ikadyeka ndi kunola, kufikira kadzenjeko, cicitika nciani? Yankho ndi lakuti mmisiri anolanso pang'ono mbali yapansiyo nthawi ndi nthawi, ndipo kadzenjeko kathawa cobwerera m'mbuyo, nikacepa pamodzi ndi cida. Nomi imene yagwira nchito zaka zambiri m'manja abwino ikhala yaifupi ngati cala, koma maonekedwe ace a kunsi ali omwe aja.

Mpini wace ngwa mtengo wolimba wochedwa kashi, wofiira kapena woyera. Mcira wa citsulo ulowa m'kati mwa mpini, ndipo pokomana pace pali cibvalo ca citsulo cimene cifinya mtengo kuti usang'ambike. Kumutu kwa mpini kuli mphete ya citsulo, dzina lace katsura, popeza mmisiri wa ku Japan samenya nomi ndi cibonga ca mtengo, koma ndi nyundo ya citsulo yochedwa genno. Pano pali cinthu cimene cidabwitsa alendo: nomi yatsopano, cinkana ikhale ya ndalama zambiri, siiri yokonzeka kugwira nchito. Wosula acita mbali yace, nasiyira wogula mbali yotsala. Wogulayo acotsa mphete, napala m'kati mwace ndi tupa kuti isadule mtengo, naibwezera, naikhomera pansi kufikira mutu wa mpini utaturukira pang'ono pamwamba pace. Ndipo amenyamenya mutuwo kuti uphwanthuke ngati bowa, nuphimbe mphete. Potero nyundo igunda mtengo, osati citsulo, ndipo mpini ukamadyeka ndi zaka mpheteyo itsika nao. Atatha zimenezi asalaza ura, nanola nsonga. Pamenepo mpamene nomi isanduka yace.

Kunola acita ndi madzi, osati mafuta, pa miyala itatu: wokhakhala, wapakati, ndi wosalala wotsirizira. Miyala yotsirizira yochuka koposa inakumbidwa m'mapiri a pafupi ndi mzinda wa Kyoto. Migodi yambiri inatsekedwa kale, kotero kuti mwala wabwino wa kumeneko ugulidwa mtengo woposa wa cida cimene unola, ndipo amisiri ambiri tsopano agwiritsa nchito miyala youmba m'fakitale. Mwala womwewo uyenera kusalazidwa kawiri kawiri, pakuti mwala wokumbika ubala nsonga yokhota. Mmisiri agwira nomi ndi manja okha, popanda cothandizira, naiyendetsa uku ndi uku osasintha kupendekeka kwace ngakhale pang'ono. Kunena nkosabvuta. Koma manja a wophunzira agwedezeka iye osadziwa, ndipo mbali imene iyenera kukhala yoongoka iturukira yozungulira ngati msana wa kamba. Coipa cacikulu ncakuti iye mwini saona colakwa. Ayesa nsonga pa cala, naimva kuthwa, nakondwa.

Apa mpamene lamulo la a Nishioka liyamba kumveka. Palibe mau amene angaongole dzanja logwedezeka. Ndipo mnyamata amene wawerenga za kunola ayesa kuti adziwa, naleka kumvera cimene mwala umuuza m'zala zace. M'nyumba ija anauzidwa kusesa munali zida za mkuluyo, ndipo Ogawa anazindikira pambuyo pace kuti kumtuma kumeneko kunali kumlola kuti aziona ndi maso ace, ayerekeze ndi zace zija zinaponyedwa. Patapita miyezi itatu a Nishioka anatenga copalira matabwa, napala kamodzi, nampatsa kansalu ka mtengo kamene kanaturuka, kopyapyala kotero kuti kuwala kunapyola. Ogawa anakamata pa galasi la zenera, nanola, napala, nayerekeza, nabwereranso pamwala. Iye mwini anasimba pambuyo pace kuti cimeneci ndico cokha cimene mbuye wace anamphunzitsa ndi manja. Kaya njira imeneyi ingayenere mwana ali yense, nkobvuta kubvomera. Ambiri akadathawa, ndipo ena mwa othawawo akadakhala amisiri abwino akadaphunzitsidwa mofatsa. Koma kwa uyu inagwira.

Nomi ziri za mitundu yambiri. Kafukufuku wina wa m'caka ca 1943 anapeza kuti mmisiri wogwira nchito yapamwamba anali ndi zida 179, ndipo mwa izo nomi zinali zoposa makumi anai, kuculuka koposa mtundu wina uli wonse. Yodziwika kwa onse ndiyo oire nomi, ya nchito za tsiku ndi tsiku, imene igulidwa khumi m'bokosi limodzi, kuyambira yopapatiza ya mamilimita 3 kufikira yotambalala ya mamilimita 42. Omanga nyumba ali ndi atsu nomi, yocindikala ndi yaitali, yoboolera mizati ndi mitanda ikuluikulu. Opanga zitseko ndi mazenera a mapepala ali ndi mukomachi nomi, yopapatiza koma yonenepa, yokumbira timaboo takuya. Ndipo popeza timabooto ntating'ono kosati nkulowetsamo cala, ali ndi tizida tina, kena konga mbedza kokokera zinyalala kunja, kena kopalira pansi pa kaboo. Kote nomi iri ndi khosi lopindika ngati supuni ya womanga njerwa, kuti dzanja lisagunde thabwa posalaza pansi pa ngalande yaitali. Shinogi nomi iri ndi msana wa ngondya zitatu kuti ilowe m'makona opanikiza a mfundo imene Azungu aiyerekeza ndi mcira wa nkhunda, koma Ajapani aicha ari, ndiko kuti nyerere.

Pali mtundu wina umene nyundo siukhudza konse, ndiwo tsuki nomi. Mpini wace ngwautali, ulibe mphete kumutu, ndipo mmisiri aukankha ndi manja awiri ndi kulemera kwa thupi lace. Nomi zomenya zicotsa zambiri. Iyi icotsa zotsala, zopyapyala ngati khoko la anyezi. Munthu amene amenya tsuki nomi ndi nyundo wadziulula yekha kuti sanaphunzire.

Nchito yeniyeni ya zida zonsezi ndiyo kulumikiza mitengo. Nsonga ya mtanda isemedwa kuti ikhale lilime, limene alicha hozo, ndipo mu mzati mukumbidwa ciboo colandira lilimelo. Mmisiri wamkulu ayamba walemba mizere ndi cingwe cobviika mu inki ndi colembera ca nsungwi. Wosema akhala pamwamba pa mtengowo kuti usagwedezeke, naimika nomi m'kati mwa mzere, osati pa mzere peni peni, nayamba kudula mopingasa mitsempha ya mtengo. Pakuti akayamba motsata mitsempha, mtengo ung'ambika kupitirira malire. Adula, nacotsa zibenthu, natsika pang'ono pang'ono. Ciboo cikakhala copyola, akumba theka kucokera mbali iyi ndi theka kucokera mbali inayo, kuti zikomane pakati. Potsiriza atenga tsuki nomi, nasenda makoma a ciboo kufikira pa mzere. Lilime liyenera kuthina kumtunda ndi kunsi, kumene mitsempha ya mzati iri yolimba, koma m'mbali lingokwana bwino. Likathina m'mbali ling'amba mzati monga cikhomo cing'amba nkhuni.

Nyundo ija genno iri ndi nkhope ziwiri, ina yathyathyathya yomenyera nomi, ina yotumphuka pang'ono. Ndi yotumphukayo mmisiri agogoda lilime mbali zonse asanalilowetse, kuti mtengo ufinyike koma mitsempha isaduke. Likalowa, cinyezi ca mumpweya lilifufumitsanso, ndipo mfundo igwira kolimba. Ajapani acha macitidwe amenewa kigoroshi, kupha mtengo, cinkana mtengowo uuka m'kati mwa ciboo.

Kuthwa kwa nomi sikuli kwa maonekedwe okha. Nsonga yakuthwa idula mitsempha ya mtengo, nisiya khoma losalala limene madzi sakhalapo. Yobuntha iphwanya ndi kukadzula, nisiya khoma laubweya limene limwa madzi, ndipo kuola kuyambira pomwepo, m'kati mwa mfundo, mosaoneka. Ndiponso mfundo yosemedwa bwino ikhoza kumasulidwa. Misomali iripo m'akacisi akale, yogwira mapaso ndi matabwa, koma mafupa a nyumba agwirana ndi mfundo. Cifukwa cace tsinde la mzati likaola, amisiri anyamula nyumba, nadula poola pokha, nalumikiza mtengo watsopano ndi mfundo yokhomedwa ndi kacikhomo, imene aicha kanawa tsugi. Patapita zaka mazana angapo aphwasula nyumba yonse, nakonza zoonongeka, naimanganso ndi mitengo yomwe ija. Horyuji sanakhale zaka 1,300 cifukwa ca kusakhudzidwa ai. Wakhala cifukwa m'badwo uli wonse munapezeka anthu okhoza kummasula ndi kumbwezera.

A Nishioka anali mmodzi wa anthu amenewo. Anabadwa m'caka ca 1908, atate ao ndi agogo ao ali amisiri a Horyuji. Agogowo anawatumiza ku sukulu ya zaulimi, osati ya zomangamanga, kuti ayambe adziwa nthaka imene mtengo umerapo. M'caka ca 1934 anakhala mmisiri wamkulu pa nchito yaikulu yokonzanso kacisiyo, ndipo m'zaka makumi awiri zotsatira anaphwasula ndi kumanganso nyumba zace, pamodzi ndi nsanja ija. Pomasula mfundo anaona zimene maso a munthu sanaone zaka mazana ambiri: zipsyera za zida za amisiri akale, zoonetsa ukulu wa nomi, kumene inalowera, ndi dzanja limene linali laluso kapena laulesi.

Zipsyerazo zisimba mbiri yodabwitsa. Omanga Horyuji analibe maceka aakulu ong'ambira mtengo m'litali; amenewo anafika ku Japan ca m'zaka za m'ma 1400. Pofuna thabwa kapena mtanda, anali kukhoma nomi mu mzere kutsata mitsempha ya mtengo, nalowetsa zikhomo m'maboomo, namenya kufikira mtengo utang'ambika. Mtengo wa hinoki, wa pfuko la mkungudza, ung'ambika moongoka, ndipo ndiwo anamangira kacisiyo. Mtanda wong'ambidwa motere utsata mitsempha yace kuyambira kutsinde kufikira kunsonga, motero uli wolimba koposa wocekedwa ndi maceka, amene adula osafunsa. Atang'amba anasema ndi kasemasema, nasalaza ndi cida conga mkondo, ca mpeni wopindika ngati tsamba la nsungwi, dzina lace yariganna. Cida cimeneci cinaiwalika pamene copalira ca masiku ano cinafika. A Nishioka anaciukitsa poyang'ana zithunzi zakale ndi zipsyera za pa mizati. Ndipo citsulo catsopano citalephera kuwakhutiritsa, anapatsa wosula wa ku Sakai misomali yakale ya Horyuji kuti asulire mpeni wace.

Pakuti mmisiri wa mitengo sangapose wosula wace. Kale citsulo ca ku Japan cinali kusungunulidwa kucokera ku mcenga wakuda m'ng'anjo zadothi zochedwa tatara, makamaka m'dera limene lero liri cigawo ca Shimane. M'dera lomwelo, mu mzinda wa Yasugi, ndimo mucokera citsulo cimene osula nomi ambiri agwiritsa nchito tsopano, ca mitundu iwiri yochuka: ca pepala loyera ndi ca pepala lobiriwira, maina ocokera ku mapepala amene anali kumata pa citsuloco pocisiyanitsa. Coyera cithwa koposa ndipo cinoleka msanga. Cobiriwira, cosanganiza ndi zitsulo zina, cicedwa kubuntha. Amisiri atsutsana za ziwirizi monga alimi atsutsana za mbeu, ndipo mlanduwo sunathe.

Midzi ya osula iri ndi mbiri yace. Mzinda wa Miki, m'cigawo ca Hyogo, unapasuka pamene Hideyoshi anazinga linga lace kuyambira 1578 kufikira 1580. Atapambana anakhululukira anthu msonkho kuti abwerere; amisiri anasonkhana kudzamanganso mzinda, osula nawatsata, ndipo Miki akali kusula zida za akalipentala kufikira lero, monganso Sanjo ndi Yoita m'cigawo ca Niigata. M'caka ca 1876 boma linaletsa ankhondo ochedwa samurai kuyenda ndi malupanga. Osula malupanga anasowa ogula, ndipo ena anatembenukira ku zida za amisiri, natengera luso lao kumeneko. Wochuka koposa wa mbumba imeneyo ndiye Chiyozuru Korehide wa ku Tokyo, amene anabadwa m'caka ca 1874 namwalira m'caka ca 1957. Zida zace zina zisungidwa ku Kobe, m'nyumba yoonetsera zida za akalipentala ya Takenaka, imene inatsegulidwa m'caka ca 1984. Nzokongola ndithu, komabe nomi yogona m'galasi icititsa cisoni pang'ono, monga ng'ombe yamphamvu imene siinalawe goli.

Codabwitsa ncakuti munthu amene analemekeza citsulo cotere m'dzanja lace anacikana m'nyumba zace. Pomanganso nsanja ya matsindwi atatu ya kacisi wa Horinji, imene inapsya ndi mphezi m'caka ca 1944, akatswiri a ku sukulu zapamwamba anafuna kulimbitsa mitengo ndi zitsulo. A Nishioka anakana kwa mtu wa galu, nanena kuti citsulo ca masiku ano cicita dzimbiri hinoki akali wamoyo, ndi kuti kuboola mtengo polowetsa citsulo ndiko kuufupikitsira masiku. Mkanganowo unali waukulu, ndipo anagonja pang'ono pokha. Nsanjayo inatha m'caka ca 1975, ndipo ndiyo nchito imene Ogawa anaitanidwira.

Kuuma mtima kotere kunali ndi mtengo wace, ndipo analipira ndi a pa banja lao. A Nishioka sanalole kumanga nyumba za anthu wamba, poopa kuti kufuna phindu kungaipitse dzanja lao. Nchito ya akacisi ikasowa anali kulima, ndipo pa nthawi ya usiwa anagulitsa minda ya makolo. Ana ao aamuna, ataona umphawi umenewo, anasankha nchito zina. Nzeru ya mibadwo itatu inatsala pang'ono kutha ndi munthu mmodzi, pakadapanda mlendo uja wa ku Tochigi. Ogawa anaona bwino lomwe kuti luso losadyetsa mwini wace silipeza wolowa m'malo. Motero m'caka ca 1977 anayambitsa gulu la amisiri lochedwa Ikaruga Kosha, lomanga ndi kukonza akacisi m'dziko lonse la Japan. M'gulumo anyamata akhala pamodzi, nadya pamodzi; wofika kumene aphikira anzace ndi kusesa, ndipo nchito ya tsiku ikatha apita pamwala kukanola.

Kunja kwa akacisi zinthu zasintha. Nyumba zambiri za mitengo za ku Japan masiku ano zifika pa malo omangira mfundo zace zitasemedwa kale ndi makina a m'fakitale, ndipo kalipentala angathe kuimika nyumba yonse nomi yace iri m'bokosi. Osula nomi acepa, ambiri a iwo ngokalamba, ndipo ena adalira ogula a ku maiko akunja amene amva mbiri ya zida zimenezi. M'caka ca 2020 bungwe la UNESCO linalemba luso losunga nyumba za mitengo za ku Japan m'kaundula wa cuma ca anthu onse. Ulemu umenewo ngwabwino, koma makina adziwa kusema mtengo woongoka wokha wokha. Mzati wa zaka cikwi, wopotoka ndi wofota mbali imodzi, ufuna munthu woti auyang'ane, nasemere mnzace womuyenera.

Nchito yaikulu yotsiriza ya a Nishioka inali ku kacisi wa Yakushiji, mu mzinda wa Nara, kumene Ogawa anali waciwiri wao. Popeza m'Japan munalibenso mitengo ya hinoki yaikulu yokwanira, anakaitenga ku Taiwan. Nyumba yaikulu yopembedzeramo inatha m'caka ca 1976, ndi nsanja ya kumadzulo m'caka ca 1981. Nsanjayo anaimanga yaitali pang'ono koposa inzace ya kum'mawa, imene yaima kuyambira zaka za m'ma 700, powerengera kuti mitengo idzafota ndi kutsika ndi kulemera kwa matsindwi, ndi kuti patapita zaka mazana asanu ziwirizo zidzalingana. Mkuluyo anamwalira m'caka ca 1995. Alendo ofika ku Yakushiji aona utoto wofiira ndi matsindwi. Maboo ndi malilime amene nomi zinasema ali obisika m'kati mwa mfundo, ndipo adzaonekanso tsiku limene amisiri ena adzaphwasula nsanjayo kuti aikonze.